Zitini Zitatu za Mudzi wa Tihovo

Laibulale ya ku Medvenik ili pansanjika yapamwamba ya nyumba ya anthu onse, pamwamba pa holo yomwe ana amaphunziriramo magule ndipo akuluakulu amakanganiramo za zisankho. Boyka Raycheva anayamba ntchito m'menemo mu Seputembala 1984, ndipo pofika nthawi ya nkhani ino anali atachita imvi limodzi ndi mashelefu ake. Mabuku ankawadziwa ngati mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake pakati pa ana ambiri. Koma omudziwa bwino ankati mtima wake unali wogawika, ndipo mbali yaikulu inali kuseri kwa holo, m'kachipinda kopanda zenera, kokwera ndi makwerero achitsulo, pansi penipeni pa denga la malata. M'menemo ndi momwe munkakhala makina oonetsera kanema.

Lachisanu lililonse madzulo Boyka ankaonetsa filimu. Asanazimitse magetsi ankaima kutsogolo n'kuwerenga tsamba limodzi la buku loyenda ndi filimuyo, n'kulekezera pokoma. Sabata yotsatira bukulo silinkagona pashelefu.

M'kachipinda komweko munali zitini zitatu zozungulira, zathyathyathya. Munali filimu yomwe mphunzitsi wina, malemu Angel Bonev, anajambula mu 1962 m'mudzi wa Tihovo, miyezi yomaliza madzi a damu asanaumize. Inalibe mawu, inalibe mitundu. Koma munali tchalitchi, msewu wa miyala, mphero yoyendera madzi, amayi akutulutsa buledi mu uvuni, ndi gule womaliza pabwalo la mudzi. Filimu ina yoonetsa Tihovo kunalibe kulikonse.

Anthu a m'mudziwo boma linawamwaza m'matauni osiyanasiyana, koma chaka chilichonse pa 6 Meyi, tsiku la Georgi Woyera, ankasonkhana ku Medvenik. M'mawa ankapita kudamu kukaloza ndi chala pamene panali nyumba zawo, aliyense pamadzi pake. Masana ankadya nyama ya nkhosa, kenako n'kudzaza holo, Boyka n'kuyatsa makina. Amene sankajomba anali a Dimo Karov, omwe anagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma. Akazi awo, a Stana, anamwalira mu 1999, ndipo chithunzi chawo cha pautsikana panalibe, chifukwa bokosi la zithunzi linagwera mumtsinje tsiku losamuka. Koma m'chitini chachiwiri, gule ali pakati, mtsikana wa mpango woyera ankatembenuka, n'kuyang'ana wojambula, n'kuseka. Munthu akaphethira kawiri zinali zitadutsa. Chaka chilichonse a Dimo ankadzuka pampando n'kunena kuti, “Mwamuona? Akusekerera ine ameneyo.” Ndipo chaka chilichonse wina kumbuyo ankayankha kuti akuseka makutu awo, holo yonse n'kufa ndi phwete.

Misonkhano ya oyang'anira malaibulale Boyka ankaikonda poyamba. Ankabwerako ndi chikwama cholemera mabuku ndi mutu wodzaza maganizo. Chidwicho chinathera ku Plovdiv mu 2005. Chaka chimenecho anakonza zoti akalankhule za madzulo ake a Lachisanu. Anazilemba mosamala, mpaka anagulira jekete yatsopano. Okonza msonkhano anamuika pomalizira penipeni, tsiku lotsiriza, anthu atayamba kale kukoka masutikesi kulowera kusiteshoni. Analankhula kwa mipando. Asanafike n'pakati pomwe, mnzake wa kukoleji, Ruska Mineva, yemwe anapatsidwa ntchito yosunga nthawi, anagogoda tambula ndi supuni. Wotsogolera mwambo anathokoza Boyka pomutchula dzina la munthu wina. Kunyozedwako kunali kwenikweni, ndipo wonena kuti Boyka anakokomeza akunama. Koma iye anakutola n'kukusunga pamtima ngati mwala. Analumbira pamaso pa komiti yoyendetsa nyumbayo kuti phazi lake silidzapondanso pamsonkhano, ndipo anamufufuta Ruska pagulu la anthu owapatsa moni.

Pa 7 Meyi 2008, akubwezera filimu m'zitini, Boyka anamva kafungo ka viniga. Ananunkhiza manja ake, ananunkhiza nsalu yopukutira makina. Fungolo linkachokera m'chitini chachiwiri. Filimu yake inali bwinobwino, yosalala, yowala, ndipo dzulo lake inali itayenda osadumpha. Koma fungolo linamukhala m'mphuno chilimwe chonse.

Mu Seputembala kunabwera uthenga woitanira anthu kumsonkhano wa ku Varna, ndipo masana a tsiku lachiwiri anali a nkhani ya mafilimu akale osungidwa m'malaibulale aang'ono. Sabata yomweyo Ruska anaimba foni.

“Boyka, bwera. Usaume mutu. Kukubwera mayi wina wa kunyumba yosungira mafilimu a dziko lino, ndipo zomwe akanene n'zako ndendende.”

“Nayenso ukamugogodera tambula?” anafunsa Boyka, n'kuika foni pansi.

Ngakhale anayankha choncho, usiku wake anatulutsa jekete ija n'kuipachika pakhomo la kabati. Mwina akanapita. Koma m'mawa mwake kunabwera wapampando wa komiti, a Lazar Kotsev. Iwowa anali ndi sitolo ya zipangizo za mathirakitala, ndipo pampandopo anakhalapo chifukwa ankadziwa kulankhula pamaliro ndi paukwati. Buku lomaliza analiwerenga ali kusukulu. Koma ulendo uliwonse wolipiridwa ndi nyumbayo ankaumva fungo usanafike.

“Malo atipatsa amodzi,” anatero a Lazar, akusisita chipewa chawo. “Inu simupita, eti mayi Boyka? Paja munalumbira. Tonse tinalipo.”

Mawu akuti “tonse tinalipo” ndi amene anatseka chitseko. Boyka anawauza kuti apite iwowo. Anawapempha chinthu chimodzi chokha: kuti masana a tsiku lachiwiri akakhale m'chipinda cha nkhani ya mafilimu kuyambira poyamba mpaka pamapeto, akafunse za fungo la viniga, ndipo adzamufotokozere zonse osasiyako. A Lazar anaika dzanja pachifuwa n'kunena kuti makutu awo ndi a Boyka yemwe.

Anabwerako kumayambiriro kwa Okutobala, mphuno itapsa ndi dzuwa. Anakhala pampando wa owerenga n'kuyamba kufotokoza. Anafotokoza za hotela yoyang'ana kunyanja, za nsomba yootcha yomwe anadya ndi anzawo a ku Shumen, za bwana wina wa ku unduna yemwe anawagwira chanza ndi manja awiri. Anaonetsa chikwama cha nsalu chomwe aliyense anapatsidwa. Boyka anapirira mpaka khofi atazizira, kenako anafunsa za mafilimu.

“Oo, zimene zija. N'zosavuta. Anati zitinizo muzimate bwinobwino, muziike m'mapulasitiki, mpweya usalowe ngakhale pang'ono. Ndiponso filimu ikakhala imodzi yokha, osamaipititsa m'makina. Imakalika.”

“Nanga za viniga anati chiyani?”

A Lazar anaseka. “Mayi Boyka, nkhani ya viniga mukufunsa ine mwamuna? Tsabola wanu mumasunga m'chiyani? Nanga nkhaka? Chinaolapo n'chiyani mu viniga?”

Inali nyengo yomwe tauni yonse imanunkhira tsabola wootcha. Pabwalo lililonse panali mgolo pamoto, mabotolo akuwira m'madzi, amayi akugogoda zivindikiro ndi chala kuti amve ngati zagwira. Munthu wa ku Medvenik amayamwira m'bere kuti choononga chakudya ndi mpweya, ndipo chosunga ndi viniga ndi chivindikiro cholimba. Mawu a a Lazar anagwera pamalo pomwe manja a Boyka ankadziwa kale. Sanafunsenso. Anakwera makwerero achitsulo aja, anazunguliza tepi pamlomo pa chitini chilichonse katatu katatu, anaika zonse zitatu m'pulasitiki imodzi, anaimanga, n'kuilowetsanso m'pulasitiki ina. Anatsekera mtolowo m'kabati yachitsulo m'kachipinda komweko, momwe mwezi wa Julaye kandulo imapindika yokha. Ntchitoyo anaigwira mwaukhondo ndi mwachikondi, ndipo zikanakhala nkhaka bwenzi zikudyedwa mpaka lero.

Mwezi womwewo Ruska anaimbanso kawiri. Boyka atamva mawu ake ananena kuti ali ndi owerenga, n'kudula.

Pa 6 Meyi 2009 anthu a ku Tihovo anabwera monga mwa masiku onse, n'kupeza chikwangwani pakhomo la holo chonena kuti filimu siionetsedwa, potsatira malangizo a akatswiri. Ena anang'ung'udza, ena anabwerera kumatebulo kukapitiriza kumwa rakiya, kachasu wa kwawoko. A Dimo anakwera masitepe a laibulale ndi ndodo yawo, akupuma pa sitepe iliyonse.

“Mwana wanga, akatswiriwo anali ku Tihovo?”

Boyka anawafotokozera mofatsa kuti filimu ndi chinthu chosalimba, kuti kuionetsa n'kuidya pang'onopang'ono, ndiponso kuti akuisungira zidzukulu zawo zomwe.

“Zidzukulu zanga sizimudziwa Stana,” anatero a Dimo. “Womudziwa ndatsala ndine.”

Anatsika osakwiya. Chaka chotsatira anabweranso, ulendo uno atanyamula botolo la uchi wa njuchi zawo, n'kuliika patebulo ngati munthu wodzapepesa mlandu. Anapempha chitini chachiwiri chokha, gule yekha, iwo okha m'holo, zitseko zotseka. Boyka analandira uchi koma anakana. Mu 2011 anthu obwera anachepa, chifukwa ambiri chowakokera kuchokera kutali chinali filimuyo. A Dimo sanathe kukwera masitepe. Boyka anatsika n'kuwapeza atakhala pabenchi panja.

“Ndayamba kuiwala,” anatero mkuluyo, osamuyang'ana. “Usiku ndimafuna kumuona akutembenuka, koma sindikudziwanso ngati amatembenukira kumanja kapena kumanzere.”

Mawuwo anamulasa Boyka. Anawalonjeza kuti chaka chamawa, pokumbukira kuti patha zaka makumi asanu chimizidwire mudzi, adzamasula zitini n'kuonetsa filimu yonse, akatswiri afune asafune. A Dimo anati ayesetsa kudikira, koma sakulonjeza, chifukwa nawonso ali ndi wowaitana.

Apa tinene zoona zake mosapsatira. Zaka zonsezi foni inali patebulo la Boyka. Mu 2010 laibulale inalandira makompyuta atatu, ndipo iye mwini ankaphunzitsa agogo a m'tauni kufufuzirapo za matenda a shuga ndi mitengo ya matikiti a basi. Mawu awiri okha, filimu ndi viniga, akanamupatsa yankho khofi asanawire. Ankawakalipira ana asukulu tsiku ndi tsiku kuti asamakhulupirire za m'kamwa mwa munthu asanatsegule buku. Koma pa nkhani iyi yokha sanafufuze. Kufufuza kukanakhala kuvomera kuti ku Varna kunanenedwa china chofunika, ndipo iye kunalibe.

Mu Malichi 2012 anamwalira mphunzitsi wawo wa kukoleji, ndipo Boyka anapita kumaliro ku Sofia. Mwambo utatha, anthu akugawana tirigu wowiritsa pachipata cha manda, anapezeka ataima phewa ndi phewa ndi Ruska. Pamaliro munthu sathawa mnzake. Anapatsana moni wouma, anakambako za malemu, kenako Ruska anafunsa mwaulemu ngati filimu ya Tihovo inatuluka bwino.

“Kutuluka kuti?”

“Pokopera paja. Si munaipititsa?”

Boyka anapukusa mutu. Ruska anasiya kutafuna. Anamukokera pambali, pansi pa mtengo, n'kumuuza zomwe mayi wa ku Varna uja ananena, mwandondomeko yake. Choyamba, fungo la viniga ndi chizindikiro chakuti filimu yayamba kudzidya yokha. Asidi amatuluka m'thupi mwake momwemo, ndipo akasowa kothawira amafulumizitsa kuola. Kutentha ndiye nkhuni zake. Chitini chonunkha chiyenera kupatulidwa msanga, chifukwa chimapatsira zinzake. Chachiwiri, nyumba yosungira mafilimu inali itabwereka makina okopera mafilimu akale kuti aziwonedwa pakompyuta, ndipo laibulale iliyonse yobweretsa zake pasanafike mapeto a Juni 2009 inkakoperedwa mwaulere. Malaibulale ambiri anapititsa. Wina ananyamula zake m'dengu pabasi. Za kumata zitini ndi kuziika m'mapulasitiki zinanenedwadi, koma kumapeto, ndipo zinkanena za filimu yokopedwa kale, yomwe ikukaikidwa mufiriji yoziziritsa kwambiri. Pulasitikiyo ndi yoteteza ku chinyontho cha mufiriji, osati yosungira filimu pansi pa malata.

“Nanga bambo wathu uja sanali m'chipindamo?” anafunsa Boyka.

“Analowa. Ndinamuona ndi maso angawa. Analowa anthu atatsala pang'ono kuwomba m'manja, mchenga uli kunsapato, n'kukhala pafupi ndi chitseko. N'chifukwa chake ndinakuimbira, mnzanga. Kawiri.”

Boyka sanadikire chakudya cha pamaliro. Anakwera basi yoyamba, ndipo m'mawa mwake, asanatsegule n'komwe laibulale, anakwera makwerero achitsulo ndi lumo m'manja. Atangoboola pulasitiki yoyamba, fungo linamumenya m'maso mpaka misozi. Tepi inali itasungunuka n'kusanduka phala. Zivindikiro zinachita dzimbiri mkati. M'chitini chachiwiri filimu inali itafota n'kukwinyika, yomatana mulu umodzi, pamwamba pake patayera tinthu tonga mchere. Atayesa kutukula nsonga yake, khungu lomwe limanyamula zithunzi linasendeka n'kutsalira pachala chake ngati khungu la tsabola wootcha. Choyamba ndi chachitatu, zomwe mu 2008 zinalibe vuto lililonse, zinali zitatengera.

A Lazar anawapeza kumalo omwera khofi pafupi ndi positi ofesi, akusewera makadi ndi anzawo. Boyka sanakhale pansi. Anawafunsa, anthu onse akumva, kuti masana a tsiku lachiwiri ku Varna anali kuti. A Lazar anayamba ndi nthabwala, nati mayi Boyka asanduka wapolisi. Ataona kuti palibe akuseka, anaika makadi pansi. Anavomera kuti anachedwako pang'ono, chifukwa anzawo a ku Shumen anawakakamiza kukaona doko, ndipo munthu woimira tauni sangakane anzake. Boyka anawauza zomwe zinali m'zitini, ndi zomwe zinanenedwa iwo ali kudoko. Mawu ake sanakwere, koma supuni zonse m'chipindamo zinaleka kulira.

A Lazar anafiira khosi, koma manyazi sanawagwire nthawi yaitali.

“Ndinanama pati? Zomwe ndinakuuzani zinanenedwa kapena sizinanenedwe? Ine ndimagulitsa mabawuti a mathirakitala, mayi, za mafilimu ndingazidziwire kuti? Wodziwa ndinu. Ngati zinali zofunika chonchi, munalekeranji kupita nokha?”

Boyka anali atakonza mawu ambiri m'njira, okwanira kumusenda munthu wamoyo. Koma munthu wopanda pake anali atanena chinthu choona, ndipo palibe chowawa kuposa chimenecho. Anatembenuka n'kutuluka. Kumbuyo kwake anamva a Lazar akufunsa kuti woponya khadi ndani.

Sabata yomweyo ananyamula zitini zija pamiyendo mpaka ku Sofia, anthu a m'basi akutsegula mawindo ndi kumuyang'ana cham'mbali. Kunyumba yosungira mafilimu anakumana ndi mayi yemwe uja wa ku Varna, wamfupi, wovala magalasi ochindikala. Mayiyo sanamudzudzule. Anavala magolovesi, anayang'ana chitini chilichonse, n'kufunsa kuti fungo linayamba liti. Atamva kuti 2008, ndiponso kuti panthawiyo filimu inkayenda m'makina osadumpha, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Anangoti ayesa.

Yankho linabwera kumapeto kwa Epulo. Chitini choyamba ndi chachiwiri panalibe chopulumuka. M'chachitatu anatolamo kachidutswa kosakwana mphindi imodzi, ka kumapeto kwenikweni, komwe mphunzitsi Bonev anajambula akuluakulu a boma ataima pakhoma la damu tsiku lotsekera madzi.

A Lazar anaitanitsa komiti n'kupereka maganizo akuti anthu auzidwe kuti filimu yafa ndi ukalamba, poti chilichonse chili ndi nthawi yake. Komiti inavomera, chifukwa mamembala ake ankagula zipangizo pangongole kusitolo kwawo kapena anali apachibale. Boyka sanatsutse, sanavomere. Pa 5 Meyi masana anatseka laibulale n'kupita kunyumba kwa a Dimo, kumapeto kwa tauni, kuseri kwa njanji.

Anawapeza pakhonde, mwana wawo wamkazi akuwameta tsitsi pokonzekera mawa. Suti yawo yakuda inali itayanikidwa pachingwe. Boyka anakana mpando. Anafotokoza zonse ataimirira, kuyambira fungo, foni ya Ruska, ulendo wa ku Varna, mpaka pulasitiki. Mwana wawo uja anaima ndi lumo m'mwamba. A Dimo anamvetsera mutu uli pansi, thaulo lili m'khosi.

“Unatuma ndani?” anafunsa pamapeto pake, ngakhale anali atamva.

“A Lazar.”

“Lazar wa Kotsev. Amene ngakhale m'tchalitchi amalowa wansembe akunena ameni.” Anapukusa mutu pang'onopang'ono. “Ameneyo ndinamudziwa ali ndi mamina. Sindingamukwiyire, n'chimodzimodzi kukwiyira mbuzi kuti yadya kabichi. Koma iwe, mwana wanga, iwe umawerenga.”

Boyka anati akudziwa.

“Uchi wanga unalandira,” anatero a Dimo. “Tsiku lija ukanangotsegula, bwenzi utaona kuti zikuola. Mwinanso bwenzi nditamuonako kamodzi.”

Anauza mwana wawo kuti amalize kumeta, poti mutu wometa theka sayenda nawo. Kenako anamuuza kuti suti ija aibwezere m'kabati.

Pa 6 Meyi 2012 holo inadzaza kuposa chaka china chilichonse. Anthu anabwera kuchokera ku Spain ndi ku Germany komwe ana awo amagwira ntchito, atanyamula zidzukulu zoti zidzaone kwawo kwa makolo. Ena anaima m'mbali mwa makoma. A Lazar analankhula nthawi yaitali za mizu ya munthu ndi kufunika kosunga mbiri, n'kumaliza ndi mawu achisoni akuti nthawi ilibe chifundo. Boyka anazimitsa magetsi osawerenga tsamba lililonse.

Pansalu yoyera panaoneka amuna asanu ovala makhoti aatali, ataima pakhoma la simenti. Mmodzi analoza kumunsi ndi dzanja. Onse anawomba m'manja popanda phokoso. Kenako kuwala koyera.

Anthu anadikira kuti mwina kubwera zina. Kamtsikana kena kanafunsa mokweza, m'chilankhulo chosakaniza, kuti mudziwo uli pati. Gogo wina wa kutsogolo anadzuka, anamanga mpango wake bwinobwino, n'kuyamba kulowera kukhomo, ena n'kumutsatira. Panalibe wotukwana, ndipo Boyka, ali m'kachipinda kake kotentha, akanakonda atamutukwana. Anayang'ana pakabowo koonetsera kanema mpaka holo inatsala mipando yokhayokha.

A Dimo anamwalira mu Novembala chaka chomwecho. A Lazar anasankhidwanso kukhala wapampando, ndipo pamaliropo ndi iwo analankhula. Boyka anagwirabe ntchito mpaka kupuma, ndipo madzulo a Lachisanu sanawasiye. Koma msonkhano wa pa 6 Meyi unazilala chaka ndi chaka, chifukwa anthu sangayende ulendo wautali kudzaloza madzi okha.

Tihovo anamira kawiri. Koyamba anamizidwa ndi boma, lomwe silinafunse munthu. Kachiwiri anamira m'manja mwa munthu yemwe ankamukonda kuposa onse, amene anali ndi miyendo, makutu ndi mpando womudikira ku Varna, koma anasankha kubwereka makutu a mnzake kuti lumbiro lake lisagwe pansi. Wotumidwayo sanabise kanthu, anapereka chimene anatola pakhomo. Akuluakulu anaziona kale zoterezi pamene anati: kandimverere anakanena za m'maluwa.